Nkhani ikatha pa wailesi, kumudzi imakhala isanathe

Amayi ndi abambo a ku Majaua, kodi mukudziwa kuti dzina la boma lathu la Milange linamvekapo m'mayiko akutali? Linamveka ndithu, mu Juni 2017. Wailesi ya BBC ya ku London inalitchula, nyuzipepala zambiri za kunja zinalilemba. Koma sizinalembe za chimanga chathu chimene chimawoloka malire panjinga n'kukadyetsa anthu ku Mulanje ndi ku Blantyre. Sizinalembe za nandolo wathu, kapena za amayi amene ayamba kugwira cholembera tsitsi litachita kale imvi. Zinalemba kuti ku Milange akupha amuna adazi, poganiza kuti m'mutu mwa munthu wadazi muli golide.

Nkhaniyo sinali yopeka. Anthu anaphedwadi, apolisi anagwira anthu awiri, ndipo anachenjeza amuna adazi kuti asamale. Kunali maliro, kunatsala akazi amasiye ndi ana. Koma kwa anthu akutali inali nkhani yodabwitsa, ena mpaka ankaseka nayo. Anaitumizirana kwa masiku ochepa, kenaka anapeza china choseka nacho. Ndani mwa inu anamva mmene mlanduwo unathera kukhoti? Ndani anamva za mabanja a ophedwawo patatha chaka?

Tsopano kumbukirani chimene chinachitika patangopita miyezi iwiri. Mu Julayi 2016 nduna yaikulu ya dziko la India, a Narendra Modi, anali atabwera ku Maputo n'kusaina pangano loti dziko lawo lizigula nandolo wa ku Mozambique. Chaka chimenecho mtengo unali wabwino. Alimi a m'Zambezia anakulitsa minda, ena anachepetsa chimanga kuti nandolo achuluke. Kenaka ku India kunagwa mvula yabwino ndipo alimi akumeneko anakolola nandolo wambiri. Mu Ogasiti 2017 boma lawo linaika malire pa nandolo wochokera kunja. Pangano lathu linalipobe, koma nandolo amene tinalima anaposa amene ogula ankafuna. Mtengo unagwa. M'malo ena kilo inkagulidwa ndi mametikali osafika 10. Ena anausiya nandolo m'munda poona kuti kukolola n'kutaya mphamvu chabe.

Sindikufunika kukuuzani zambiri, mitengoyo mumaikumbukira kuposa ine. Imeneyi ndi nkhani imene inalowa pafupifupi m'nyumba iliyonse. Malata amene munthu anawerengera sanagulidwe, njinga inagulitsidwa, mwana anakhala pakhomo. Nyuzipepala zina za ku Maputo zinailemba, tisazinamizire. Koma sinathamange ngati ya dazi ija, ndipo chachikulu n'chakuti inafika kwa mlimi mochedwa. Ambiri anaimva kwa wogula, sikelo ili kale m'manja, matumba ali pansi.

Mu Seputembala chaka chomwecho kunabuka ina: anamapopa. Inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu, mpaka inalowa mumzinda wa Blantyre. Ku Malawi ankati anthu opopa magazi achokera ku Mozambique, ndiye mlendo aliyense anasanduka woganiziridwa. Anthu anaphedwa ndi magulu a anzawo, ena chifukwa chongonyamula chikwama chosadziwika. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mtsogoleri wa dziko la Malawi, a Peter Mutharika, anachita kupita okha kukayankhula ndi anthu. Mbali yathu ino, ku Gilé, kunachitikanso chipwirikiti pa nkhani yomweyo. Anthu ankagona panja m'magulu, ena kulondera usiku wonse. Palibe dokotala amene anapeza munthu wopopedwa magazi. Koma anthu ophedwa chifukwa cha mphekeserayo anaikidwa m'manda enieni.

Pamene tinkalondera anamapopa, mbozi zatsopano zija zimene zimalowa mumtima mwa chimanga zinali zitafika kale m'minda ya Mozambique ndi Malawi. Pofika mu Disembala 2017 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 ali pangozi chifukwa cha mbozizo. Izi ndiye zinkapopadi chakudya chathu, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo tidakalimbana nazo mpaka lero.

Onani chaka chimodzi chimenecho. Nkhani zinayi. Ziwiri zinathamanga ngati moto wa m'tchire, ziwiri zinayenda pang'onopang'ono. Zothamangazo ndi zimene zinatenga maso ndi makutu athu onse. Zapang'onopang'onozo ndi zimene zinatenga ndalama ndi chakudya.

Maganizo anga ndi awa. Munthu sangathe kuyang'ana zinthu zonse nthawi imodzi. Mudzi nawonso sungathe, boma nalonso silingathe. Maso a anthu ali ngati tochi usiku: pamene mwaunikira ndi pamene pakuoneka, kwinako kuli mdima ngakhale kutakhala njoka. Masiku ano tochiyo ikusunthidwa mofulumira kwambiri, ndipo nthawi zambiri siili m'manja mwathu. Tiyenera kudziwa amene akuisuntha ndi chifukwa chake.

Mtolankhani si munthu woipa. Ndi wantchito ngati wina aliyense, ndipo ambiri amalandira ndalama zochepa. Mkonzi wake amamufunsa funso limodzi m'mawa uliwonse: chatsopano n'chiyani lero? Msewu umene unaonongeka chaka chatha ndipo ukadali woonongeka si chatsopano. Mjigo umene unafa kalekale si chatsopano. Malungo amene amatenga ana chaka ndi chaka si chatsopano. Chatsopano ndi chimene chachitika dzulo, makamaka ngati chili choopsa, chodabwitsa, kapena ngati pali chithunzi. Mtengo wa nandolo ulibe chithunzi chochititsa mantha. Nyumba imene ikukokoloka ndi madzi ili nacho.

Palinso nkhani ya mtunda. Atolankhani ambiri amakhala ku Maputo, ena ku Beira, ku Nampula ndi ku Quelimane. Kuti mmodzi afike ku Majaua pafunika galimoto, mafuta, malo ogona, ndi msewu woti n'kudutsika nyengo ya dzinja. Kampani yake ingalipire zonsezi pokhapokha kukachitika chachikulu. Akafika amakhala tsiku limodzi kapena awiri. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Amajambula, amafunsa anthu atatu, amabwerera. Kubweranso patatha miyezi isanu ndi umodzi kuti aone ngati zinthu zinasintha, ndalama yake palibe amene amaipereka.

Kale liwiro la nkhani linali ndi malire. Munkadikira nthawi ya nkhani pa Rádio Moçambique kapena pa MBC, munkamva, kenaka munkakhala ndi tsiku lonse loti mukambirane. Lero foni ya m'manja yasintha zimenezi. Pa Facebook palibe mkonzi amene amakusankhirani. Amasankha ndi makina a kompyuta. Makinawo amawerenga kuti ndi uthenga uti umene anthu aima nawo nthawi yaitali, uti umene aulembapo ndemanga, uti umene autumiza kwa anzawo, ndipo umenewo ndi umene amauonetsa kwa anthu ambiri. Sadziwa ngati uthengawo uli woona kapena wabodza. Kampaniyo imapeza ndalama potsatsa malonda, choncho imafuna kuti maso anu akhalitse pa foni. Ndipo chimene chimagwira maso a munthu msanga ndi mantha ndi mkwiyo. Mamega mumagula ndinu, ndi ndalama ya nandolo yemwe uja, koma chimene muone amasankha ndi ena.

Tisaloze chala kutali kokha. Ifenso timakonda nkhani zotere. Pachitsime, pachigayo, pamaliro, nkhani imene imakoma ndi ya mfiti imene yagwa ndi lichero, osati ya mmene tingasungire chimanga kuti anankafumbwe asalowe. Makina aja anangophunzira khalidwe lathu n'kuliwonjezera liwiro.

Pali nkhani ina imene ndikufuna tiikhalire pansi, chifukwa imaonetsa bwino kusiyana kwa mawu oyamba ndi mawu omaliza. Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete, anthu ochokera kumaliro anamwa mowa wa phombe. Usiku womwewo ndi m'mawa mwake anayamba kudwala. Anadwala anthu oposa 200, ndipo 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi amene anafulula mowawo. Boma linalengeza masiku atatu olira. Nthawi yomweyo mawu anatuluka akuti wina anathira ndulu ya ng'ona mumowa. Mawu amenewa anazungulira dziko lonse lapansi m'masiku awiri okha. Anali okoma kuwafotokoza: muli ng'ona, muli chiwembu, muli mdani wobisika. Ganizirani mmene anthu a ku Chitima ankayang'anirana masiku amenewo, aliyense akudzifunsa kuti wathira ndani.

Akatswiri a zaumoyo sanathamange. Anatenga mowa wotsala ndi ufa, anakaziyeza m'malabotale, ena a kunja kwa dziko. Yankho linabwera kumapeto kwa chaka, mu Novembala. Munalibe ndulu ya ng'ona. Munalibe munthu wothira. Ufa wa chimanga umene anafululira mowawo unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuonongeka, ndipo munamera tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatulutsa poizoni woopsa kwambiri. Poizoniyo ndiye anapha anthu.

Tsopano funsani anthu khumi amene anamva za Chitima. Ambiri adzakuuzani za ndulu ya ng'ona. Ochepa adzakuuzani za ufa. Komatu yankho lachiwirili ndi limene lingapulumutse moyo kuno ku Majaua, kumene madzi amalowa m'nyumba ndi m'nkhokwe nyengo ya dzinja, kumene mayi angaone ufa wonyowa n'kunena kuti wa nsima sungatheke koma wa mowa kapena thobwa ungachite. Phunziro lake ndi lalifupi: ufa umene wanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuonongeka, utayeni. Bodza linafika patsiku lachiwiri, anthu onse ali tcheru. Choonadi chinafika pamwezi wa khumi, anthu atabalalika.

Ndipo sabata yomwe ija ya Chitima, mtsinje wa Licungo unasefukira n'kudula msewu waukulu ku Mocuba. Zigawo za kumpoto zinakhala masabata angapo popanda magetsi. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa anthu ankapulumukira m'mitengo. Pa 15 Januwale mtsogoleri watsopano, a Filipe Nyusi, ankalumbira ku Maputo. Nkhani iliyonse inkakankha inzake. Madzi a chaka chimenecho anaononganso makina opangira magetsi pa mtsinje wa Ruo kuno ku Majaua. Kwa inu chinali chachikulu. Pa mndandanda wa nkhani za dziko chinali pansi penipeni.

Wina anganene kuti: aphunzitsi, kodi mukufuna tibwerere kumasiku akale, pamene nkhani inkayenda ndi miyendo? Ayi. Liwiro lili ndi ubwino wake, ndipo ubwinowo ndi waukulu. Mu Januwale 1998 nthaka inagumuka paphiri la Tumbine ku Milange n'kukwirira anthu ambiri. Mu 1991 zofananazo zinachitika ku Phalombe. Akuluakulu amati wadutsa Napolo. Masiku amenewo kunalibe foni ya m'manja m'mudzi. Yerekezani ndi namondwe Freddy. Anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, ndipo akatswiri a zanyengo anamutsatira tsiku ndi tsiku akuwoloka nyanja yonse ya India. Analowa koyamba kufupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale, anabwerera kunyanja, n'kudzalowanso kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Asanafike, a INAM ndi a INGD anali atachenjeza kudzera pa wailesi ndi pa mafoni. Ambiri anasamukira kumalo okwera. Alipo anthu amene ali moyo lero chifukwa uthenga unathamanga kuposa mphepo.

Choncho ine sindikudana ndi kufulumira kwa nkhani pobwera. Chimene chimandivuta ndi kufulumira kwake pochoka. Freddy anapha anthu ambiri m'Zambezia. Ku Malawi omwalira ndi osowa anaposa 1,000, ndipo anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri zithunzi za matope a ku Chilobwe ndi za madzi a ku Quelimane zinali paliponse. Kenaka makamera anapakira. Koma munda umene wakwiririka ndi mchenga subwerera pasabata ziwiri. Njala ya namondwe wa mu Malichi imafika mu Okutobala ndi mu Januwale, pamene palibenso amene akujambula.

Chifukwa chake izi zili zofunika n'chakuti thandizo limatsata maso. Taonani za namondwe Idai, amene anagwetsa mzinda wa Beira mu Malichi 2019 n'kupha anthu oposa 600 m'dziko muno. Patangopita masabata asanu ndi limodzi, namondwe Kenneth anagunda Cabo Delgado. Boma ndi mabungwe anawerengera kuti pakufunika madola 3.2 biliyoni kuti akonze zimene anamondwe awiriwa anaononga. Pa msonkhano umene unachitikira ku Beira kumapeto kwa Meyi chaka chomwecho, mayiko ndi mabungwe analonjeza madola 1.2 biliyoni. Onani kusiyana kwake. Ndipo lonjezo si ndalama ya m'manja. Chaka chotsatira kunabwera Covid-19, dziko lonse linatembenukira kumeneko. Mabanja ena a ku Sofala anakhala m'matenti zaka.

Masiku ano anamondwe akubwera motsatizana moti ngakhale mayina timawasokoneza. Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu 2023. Kenaka atatu m'miyezi itatu: Chido mu Disembala 2024, Dikeledi mu Januwale 2025, Jude mu Malichi. Aliyense akabwera amafufuta dzina la mnzake. Amene nyumba yake inagwa ndi Ana amapezeka ali kumbuyo kwa mzere wautali.

Akuluakulu a boma nawonso ndi anthu. Amamvera wailesi, amayang'ana foni. Vuto limene likumveka paliponse amalithamangira, chifukwa mawa afunsidwa. Vuto limene latha kumveka amaliika pansi pa mapepala ena. Sindikunena kuti onse amachita mwadala. Ndalama ndi zochepa, mavuto ndi ambiri, ndiye amene akufuula lero ndi amene amayamba kumveka. Woipa mtima nayenso amadziwa zimenezi. Amadziwa kuti akapirira manyazi kwa sabata ziwiri, anthu apeza nkhani ina. Kuiwala kwathu ndiye chitetezo chake.

M'dziko muno tinali ndi mtolankhani amene sankaiwala. Dzina lake Carlos Cardoso. Anatsatira nkhani ya ndalama zimene zinabedwa ku banki ya BCM, madola 14 miliyoni, kwa nthawi yaitali, ena onse atatopa nayo. Anamuwombera ku Maputo pa 22 Novembala 2000. Ndamutchula kuti muone kuti akuba saopa phokoso la tsiku limodzi. Amaopa munthu amene amabwerera ku funso lomwelo mwezi ndi mwezi.

Nkhani yothamanga imathanso kupha mwachindunji. Kolera ikabuka, pamabukanso mawu akuti azaumoyo ndi mafumu ndi amene akubweretsa matendawo. M'zigawo za Zambezia ndi Nampula nyumba za atsogoleri zagwetsedwapo, antchito a zaumoyo amenyedwapo, ena kuphedwa kumene. Inu amene mukuphunzira zilembo, yang'anani mawu awiri awa a Chipwitikizi: cloro ndi cólera. Pakamwa amamveka ngati apachibale. Papepala ndi osiyana. Loyamba lili ndi zilembo zisanu, ndipo ndi mankhwala othira m'madzi, monga aja a m'botolo la Certeza. Lachiwiri lili ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, ndipo ndi matenda amene mankhwalawo amaletsa. Munthu akamva kuti athira cloro m'chitsime, n'kukauza mnzake kuti athira cólera, pofika madzulo mudzi wonse wanyamula zibonga. Pa 7 Epulo 2024 bwato lodzaza kwambiri linamira pakati pa Lunga ndi Ilha de Moçambique. Anafa anthu pafupifupi 100, ambiri mwa iwo ana. Akuluakulu a chigawo cha Nampula anati anthuwo ankathawa chifukwa cha mantha obwera ndi mphekesera za kolera.

Nanga ife titani? Sitingaimitse Facebook, sitingalamule mkonzi wa ku Maputo. Koma pali zimene munthu wodziwa kuwerenga angachite, ndipo inu mwayamba kale kukhala anthu otero.

Uthenga ukafika pa foni, musayambe ndi chithunzi. Yambani ndi tsiku. Funsani kuti zachitika liti, kuti, ndipo wanena ndani. Zithunzi za madzi a 2019 zimabwereranso chaka chilichonse ngati za dzulo. Chithunzi cha dziko lina amachilemba kuti ndi Mocuba. Uthenga wa mawu, uja timangomvera, ndiye wovuta kwambiri: ulibe tsiku, ulibe dzina, umangoyamba ndi kuti abale anga tamverani, tumizani kwa onse. Munthu amene akukuuzani kuti mutumize msanga musanaganize, kawirikawiri ali ndi chifukwa chosafunira kuti muganize. Pa WhatsApp yang'anani pamwamba pa uthenga. Mukaona kamuvi, ndiye kuti amene wakutumizirani sanaulembe yekha. Mukaona timivi tiwiri, uthengawo wadutsa m'manja ambiri. Kampaniyo inaika zizindikirozi, n'kuchepetsanso chiwerengero cha anthu amene mungawatumizire nthawi imodzi, anthu ataphedwa ku India chifukwa cha mphekesera zakuti kuli oba ana. Vutoli si lathu lokha.

Chenjezo la namondwe kapena la madzi, lochokera ku INGD, ku wailesi kapena ku komiti ya zangozi ya m'mudzi, limenelo musalichedwetse, nyamukani. Koma uthenga umene ukuloza munthu chala, wakuti uyu ndi wopopa magazi, uyu wathira mankhwala, ugonekeni usiku umodzi. Palibe chimene mutaye podikira mpaka m'mawa. Munthu amene waphedwa usiku sadzuka m'mawa nkhani ikapezeka kuti inali yabodza.

Chachiwiri ndi chimene ndikuchiona chachikulu, ndipo n'chosavuta. Kalasi iliyonse ya akuluakulu ikhale ndi kope limodzi la mudzi. M'kopemo muzilemba zinthu zimene wailesi siidzakukumbutsani. Tsiku limene mjigo unafa. Tsiku limene mlendo wa boma kapena wa bungwe anabwera, dzina la udindo wake, ndi chimene analonjeza. Mtengo wa chimanga, nandolo ndi soya mwezi ndi mwezi, m'mametikali ndi m'makwacha, poti kuno timagwiritsa ntchito zonse ziwiri. Tsiku limene mvula inayamba. Mabanja amene analembedwa mayina pambuyo pa madzi, ndi amene analandiradi. Musadandaule kuti zilembo zanu n'zokhota. Tsiku lolembedwa ndi dzanja lonjenjemera limaposa tsiku limene aliyense akulikumbukira mosiyana. Ndipo mudzaona kuti kulemba zinthu zanuzanu kumaphunzitsa msanga kuposa kukopera ziganizo za pabolodi.

Kope limeneli lili ndi kopita. Pamsonkhano wa conselho consultivo, wa kulokalidade kapena wa kuposto, munthu amene waima n'kunena kuti zinthu sizikuyenda amayankhidwa ndi mawu okoma. Munthu amene watsegula kope n'kuwerenga kuti pa tsiku lakuti munabwera, munanena zakuti, papita miyezi isanu ndi itatu, ameneyo amavuta kumuzemba. Malamulo ali mbali yanu. Ndime 48 ya malamulo aakulu a dziko lino imati nzika iliyonse ili ndi ufulu woyankhula ndi wodziwa zinthu. Lamulo la nambala 34/2014 limapatsa munthu aliyense mphamvu yofunsa ofesi ya boma za nkhani zokhudza anthu, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Simufunika kukhala mtolankhani kapena munthu wa sukulu zapamwamba. Mukapereka kalata, pemphani kuti akudindireni pa pepala lina lofanana nalo, mulisunge m'kope muja, muyambe kuwerenga masiku.

Musaiwalenso wailesi ya kwathu, Rádio Thumbine ya ku Milange. Wailesi ya m'dera imasiyana ndi mtolankhani wa kutali chifukwa siichoka. Amene amaulutsa mawu amagula pamsika womwewu, amayenda m'misewu yomweyi. Koma nawonso sangadziwe za ku Majaua ngati palibe wowauza, ndipo akapanda kuuzidwa amadzaza nthawi ndi nyimbo ndi moni. Moni ndi wabwino, tonse timakonda kumva dzina lathu. Koma ngati tili ndi kredito yoperekera moni kwa alamu, tili nayonso yofunsira kuti mlatho uja unalonjezedwa uli pati. Imbani kamodzi, imbaninso mwezi wotsatira, funso lomwelo. Atumizireni mitengo ya m'kope mwanu kuti mlimi wa ku Mongue adziwe zimene wogula akupereka ku Majaua asanamasule thumba lake.

Ndipo pa nkhani ya nandolo, musadikire kumva mtengo pasikelo. Msika wake waukulu ukadali ku India. Nyengo yobzala isanafike, pemphani alangizi a zaulimi a ku SDAE ndi a wailesi kuti akuuzeni mmene zinthu zilili kumeneko, ngati akolola wambiri kapena ayi, ngati njira yotumizira kunja ili yotseguka. Mu 2023 nandolo wambiri anaima padoko la Nacala chifukwa cha mkangano wa makampani ndi zilolezo, ndipo amene anamva kuwawa anali mlimi. Nkhani zotere zimalembedwa m'Chipwitikizi, m'masamba a zachuma, ndi zilembo zing'onozing'ono. Pa kalasi yotsatira bwerani ndi nyuzipepala ino yonse, osati tsamba lino lokha. Muwapemphe aphunzitsi anu kuti mutsegule limodzi tsamba la zachuma, mufufuze mawu akuti feijão bóer, ndipo chimene mupeze mulembe m'kope ndi tsiku lake.